Dothi Limene Linapita ku Lilongwe

"Matumba atatu! Pa ekala yathunthu matumba atatu! Kodi alamu, kumunda kuja mumakalima kapena mumakagona?"

Achimwene anga a Elifala anafunsa funsoli ali chiimire pakhomo panga, manja ali m'chiuno, maso ali pa chimanga chomwe tinali titangomaliza kutonola. Mpando ndinawapatsa koma anaukana. Amuna anga, a Agustino, anali atakhala pa njerwa akusema mpini wa khasu.

"Alamu, nthaka ija inaguga," iwo anayankha motsitsa mawu. "Chimanga chikangofika m'mawondo chimayamba chikasu. Kaufiti ndiye ali psuu munda wonse."

"Inaguga? Munda wakumtunda womwewo ine ndinalimamo fodya zaka khumi ndi ziwiri. Malata ali pa nyumba yanga aja anachokera kuti? Inu zaka zitatu zokha mwayamba kale kunamizira nthaka. Kwanu ku Malomo makasu kulibe kodi?"

"Achimwene," ndinalowerera ine mtima utandiwira, "munthu amene amalawira nkhuku zisanatuluke m'khola mukumunena waulesi?"

"Iwe Anjelina khala chete. Mwini mbumba pano ndine. Sindingamangoonerera mlongo wanga ndi mwana wake akudya gaga chaka ndi chaka chifukwa cha mkamwini wa manja lende. Tamverani alamu. Sabata yamawa alangizi a zaulimi akutolera dothi lokayeza ku Lilongwe. Lanu lipitenso. Pepala likadzanena kuti nthaka ndi yakufa, ndidzapepesa pamaso pa anthu. Likadzanena kuti ili bwino, ankhoswe adzakhale pansi, inu muzibwerera kwanu."

"Ndavomera," anatero amuna anga asanaganize n'komwe.

Achimwene atachoka ndinawatembenukira. "Bambo a Ulemu, zoona banja lathu mwaliika m'jumbo ya dothi?"

"Mayi a Ulemu, inenso ndakhala ndikufuna kudziwa chimene chili m'nthaka imene ija. Kodi inu simufuna?"

Amuna anga ndi otero. Munthu wina akatukwanidwa amasowa tulo ndi mkwiyo, koma iwo chimawasautsa ndi funso. Akhoza kuima pa mzere nthawi yaitali akudabwa kuti bwanji phesi ili latalika pomwe linzake lapinimbira, ine ndikuwadikira ndi mbewu m'manja. Ndimawakonda, koma masiku ena ndimalakalaka atapsako mtima ngati anthu ena onse.

Lolemba tinapita ku msonkhano wa alangizi pa bwalo la tchalitchi. Mlangizi wathu, mayi Priscilla, ndi mtsikana ndithu, koma akayamba kulankhula za nthaka ngakhale amuna a ndevu amatseka pakamwa. Anatipatsa majumbo oyera n'kutilongosolera katengedwe kake.

"Muyende mokhotakhota m'munda monse, mukumbe malo khumi ndi awiri, kuya kwake ngati khasu lalowa lonse. Musakanize m'ndowa, muyanike pamthunzi. Osatenga pachulu, osatenga m'mbali mwa njira, osatenga pomwe panali khola kapena pomwe munatenthapo zinyalala. Tikufuna nthaka momwe ilili, osati momwe mukufunira kuti ikhale."

Anthu anaseka. Amayi anga pamsonkhanopo panalibe, chifukwa amati misonkhano ndi ya anthu omwe mawondo awo akadali abwino.

M'mawa mwake tinakwera kumtunda awiri, ine ndowa, iwo khasu. Nthaka inali gwa, khasu likumveka ngati likumenya pa msewu. Dzenje lililonse amuna anga amagwada, kutapa dothi, kulifikisa m'zala, kulinunkhiza.

"Mwaonamo nyongolotsi zingati?" anandifunsa titafika pa dzenje lomaliza.

"Sindimawerenga nyongolotsi ine."

"Palibe olo imodzi. Koma tsiku lina ndikudutsa m'malire mwa munda wa alamu kumunsi kuja, kufupi ndi mtsinje, ndinangokhapa kamodzi zinatuluka zisanu. Mukuganiza kuti zinathawa chiyani kuno?"

"Zinathawa mafunso anu."

Anaseka, n'kusakaniza dothi lija bwinobwino. Linali lofiira motuwa, lamchengamchenga, losagwirana. Tinakaliyanika pa khonde la amayi chifukwa nkhuku za kwathu sizisiya kanthu. Litauma, amuna anga analithira m'jumbo, n'kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kulembapo dzina langa, poti munda ndi wa kwathu.

Tsiku lokapereka lisanafike kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo ku Malomo. Tinanyamuka tonse, jumbo ija tinawasiyira amayi kuti akapereke kwa alangizi. Anailandira ndi manja awiri, anati tisadandaule.

Panapita masabata atatu. Mapepala anabwera ndi achimwene, poti iwo ndi mlimi wotsogolera m'mudzi mwathu. Ndinadziwira pa kayendedwe kawo kuti zinthu sizili bwino kwa ife. Anaima pakati pa bwalo, pomwe amayi anali kuswa mtedza, n'kuitana mokweza ngati akuitana munthu wa kutsidya.

"Alamu! Tabwerani mudzaone nthaka yanu yakufa ija!"

Pepalalo linali ndi timabokosi. Alangizi anali atatiuza kuti kofiira ndi koipa, kachikasu n'kapakatikati, kobiriwira n'kabwino. Lathu linali lobiriwira kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Taonani langa," anapitiriza achimwene akutulutsa lina. "Tachikasu tiwiri. Lanu ndiye laposa langa, laposa la munthu aliyense m'mudzi muno. Mlongo wanga ndinamupatsa munda wa chonde chotere, inu n'kumakolola matumba atatu! Ankhoswe akhala pansi Loweruka."

Amuna anga analitenga pepala lija, analiyang'ana kutsogolo, analitembenuza kumbuyo, anawerenganso dzina. Sanatsutse. Amayi anatula lichero pansi, mtedza wina n'kutayika, anati mutu wawayamba, n'kulowa m'nyumba.

Madzulo ake ndinawapeza amuna anga kumtunda atakhala pa mzere, dothi lili m'manja.

"Tiyeni kunyumba," ndinatero.

"Mayi a Ulemu, ngati nthaka iyi ili ndi chonde chotere, ndiye kuti wosadziwa kulima ndine. Mwina ndimachedwa kubzala. Mwina mizere ndimaitalikitsa. Anthu aja ali ndi makina, ine ndili ndi maso okha."

"Ndiye maso anuwo ayamba liti kunama?"

"Ndinalonjeza pamaso pa alamu. Sindifuna ankhoswe adzachite kundikoka ngati mbuzi."

Lachitatu anatsitsa chikwama chawo n'kuyamba kupinda malaya. Mwana wathu Ulemu, wa zaka ziwiri, amangowatulutsa malayawo n'kumaseka, akuyesa masewera. Ine ndinatuluka panja chifukwa misozi inali itafika. Ndinali ndi mantha, ndinalinso ndi mkwiyo, koma pamwamba pa zonsezo panabwera chinthu chomwe sindinachiyembekeze: matenda a mafunso a amuna anga aja anandigwira ine. Dothi lotuwa lija ndinalinyamula ndekha pamutu. Lingasanduke bwanji lobiriwira pa pepala?

Lachinayi m'mamawa ndinabereka mwana kumbuyo, ulendo wa ku ofesi ya alangizi ku Nachisaka. Mayi Priscilla ndinawapeza akupukuta njinga yamoto. Nditangotchula dzina langa anasiya chiguduli.

"Inu ndinu a Anjelina? Ndakhala ndikufuna kubwera kudzaona munda wanu. M'minda yonse yomwe tayeza m'mapiri ano palibe wofanana nawo. Mumathiramo chiyani?"

"Thukuta lokha, alangizi. Ndipo umatipatsa matumba atatu."

"Matumba atatu? Kaufiti alimo?"

"Wodzaza."

Anadabwa, n'kunena kuti, "Kaufiti sakonda nthaka ya chonde. Talowani. Jumbo iliyonse timatapamo theka lopita ku Lilongwe, theka lina timasunga kuno."

Anafufuza m'katoni n'kutulutsa jumbo ya dzina langa. Zolemba zinali za amuna anga ndithu. Koma dothi linali lakuda bii, lofewa, lokhala ndi timaudzu towola. Analithira pang'ono pa chikhatho n'kundinunkhizitsa.

"Mukumva chiyani?"

"Ng'ombe," ndinayankha.

"Inenso. Ili si dothi la m'munda, mayi. Ili ndi la m'khola lakale. Anatenga ndani?"

Maso anga anali pa khosi la jumboyo. Mphira ya chubu ija panalibe. Inali yomangidwa ndi kansalu kong'amba ku chitenje chobiriwira cha madontho oyera, chomwe ndinachidziwa ngati nkhope yanga. Njira yonse ndinabwera ndikuwatukwana achimwene mumtima, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ngati pali chinyengo ndi chawo. Koma achimwene savala chitenje.

"Bweretsani lina, tidzayezanso," anatero mayi Priscilla. "Zotsatira zimatenga masabata atatu."

"Ine ndili ndi masiku awiri," ndinatero, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anapukusa mutu, anati Loweruka ali ndi maphunziro ku boma, koma angathe kundilembera kalata. Ndinathokoza n'kukana. Kalata ikananena kuti dothi linasinthidwa, funso lotsatira likanakhala lakuti anasintha ndani, ndipo ine sindinali wokonzeka kuwaimika amayi anga pakati pa bwalo.

Pobwerera ndinadzera kuseri kwa nyumba ya amayi, pomwe panali khola la ng'ombe za malemu abambo. Ng'ombezo zinatha kalekale, pamangomera bonongwe ndi maungu. Pakati pake panali kadzenje katsopano, kokwana ndowa yaing'ono.

Amayi ndinawapeza akusankha nyemba. Anali atawonda m'masiku atatu okha.

"Amayi, chitenje chanu chobiriwira chija chang'ambika bwanji m'mphepete?"

"Makoswe," anayankha osadzutsa mutu.

"Makoswe a chaka chino ndi aluso. Akung'amba mowongoka."

Zala zawo zinaima pa nyemba. Ine ndinawasiya pomwepo n'kupita kunyumba kwanga. Amuna anga sindinawauze. Ndimawadziwa: akanamva kuti ndi apongozi awo, akananyamuka tsiku lomwelo kuti nkhalamba isachite manyazi.

Loweruka ankhoswe anafika, wa kwathu ndi wa ku Malomo, tinakhala pa mphasa pansi pa mango. Amayi anakhala chapatali, cham'mbali, atafunda nsalu kumutu. Chikwama cha amuna anga chinali pakhonde chomangamanga. Achimwene analankhula nthawi yaitali. Anafotokoza za mabelo a fodya omwe ankatulutsa kumtunda, za matumba atatu, kenako anayendetsa pepala lija kuti aliyense aone kubiriwira kwake.

Nkhoswe ya ku Malomo inafunsa amuna anga ngati ali ndi mawu.

"Ndilibe. Pepala lanena."

"Ine ndili nawo," ndinatero. Achimwene anandiyang'ana moopseza koma ankhoswe anandilola. "Achimwene, ndifunse kuti ndimvetse, poti ine sukulu ndinalekeza panjira. Pepalali likuti munda wakumtunda ndi wabwino kuposa wanu wakumunsi?"

"Waona wekha. Kuposa wa aliyense."

"Ndiye kuti munthu wakhama ngati inu mutaulima, mungakolole matumba angati?"

"Makumi atatu osachepera."

"Zikomo. Ndiye ine ndikuona kuti takhala tikukulakwirani. Munda wabwino chotere sungamaonongeke m'manja mwa anthu aulesi. Utengeni, achimwene. Ife mutipatse wakumunsi wa timabokosi tachikasu uja. Amuna anga akalepheranso kumeneko, chikwama ndidzawanyamulira ndekha mpaka ku Malomo."

Nkhoswe ya kwathu, nkhalamba yosakonda kulankhula, inakanda chibwano n'kunena kuti, "Mawu a mwanayu akumveka. A Elifala, mwapindulatu apa."

"Ayi, sizingatheke zimenezo," anatero achimwene mofulumira.

"Chifukwa?" inafunsa nkhoswe ija.

"Kumunsi ndinathira kale manyowa."

"Manyowawo tidzakututirani pa ngolo mpaka kumtunda," ndinatero.

"Kumtunda n'kutali ndi chigafa changa."

"Chigafa chinali komweko zaka khumi ndi ziwiri. Mitengo yake ikadalipo."

"Iwe Anjelina, usandiphunzitse kulima! Ukufuna ana anga adye chiyani? Munda umene uja fodya anasiya kutu..." Anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale.

"Malizani, achimwene. Fodya anasiya kutani?"

Amuna anga anali atadzutsa mutu, akuwayang'ana alamu awo modabwa, osati mokwiya, ngati momwe amayang'anira phesi lopinimbira.

"Anasiya kutuluka." Mawuwa anachokera cham'mbali. Anali amayi. Anachotsa nsalu kumutu n'kusendera pafupi ndi mphasa. "Zaka ziwiri zomaliza fodya wake amangofika m'chiuno, masamba ngati makutu a mbuzi. Ndi chifukwa chake anabwera kudzandipempha munda wakumunsi. Tonse timadziwa. Mkamwini atabwera tinati apatsidwe wakumtunda, poti mkamwini sasankha."

"Amayi, nanga pepalali?" anafunsa achimwene, mawu atachepa.

"Pepalalo ndine," anatero amayi. "Tsiku lopereka ndinafika pa tchalitchi, ndinaona majumbo a anzanga ali ndandanda, ena akuda, ena ofiirira bwino. Ndinayang'ana yathu, dothi lili mbuu ngati phulusa, dzina la mwana wanga lili pamwamba. Ndinati kodi dothi la amayi anga lipite ku Lilongwe likuoneka chonchi, anthu ophunzira akaliseke? Mlendo akamabwera timasesa pabwalo, timamuphera nkhuku, sitimuonetsa kudzala. Ndinabwerera, ndinalitaya kuseri, ndinakatapa la m'khola la bambo ako. Ndimayesa ndikutchinjiriza ulemu wa pakhomo pano. Za pangano lanu ndinamva pepala litabwera kale, ndipo kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikupita."

Nkhoswe ya ku Malomo inayamba kuseka, kenako inadzigwira pakamwa itaona kuti amayi akulira. Inenso misozi inatsika. Ndinali nditawakwiyira masiku awiri athunthu, koma pamenepo ndinangowamvera chisoni, chifukwa ndinadziwa kuti ndikanakhala ine pa tchalitchi paja, mwina manyazi omwewo akanandigwira.

"Alamu," anatero amuna anga, "ndifunse chimodzi chokha. Zaka zitatu zonsezi, pomwe mumandinena ulesi, mumadziwa?"

Achimwene anayang'ana pansi. "Ndimayesa mwina ndi chimanga uchita bwino."

"Chaka choyamba mukanayesa choncho. Nanga chachiwiri?"

Achimwene anayamba kupindapinda pepala lija m'manja.

Apo amayi anachita chinthu chomwe sindinachionepo chikwatiwire changa. Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, akafuna kulankhulana mawu amadzera mwa ine. Koma amayi anayenda ndi mawondo mpaka patsogolo pa amuna anga, n'kuwayang'ana kumaso.

"Apongozi, ndakulakwirani kawiri. Poyamba ndinakhala chete, kachiwiri ndi dothi lija. Kamasuleni chikwama chija, ndapota nanu."

Amuna anga anasowa koloza maso. Anagwada nawonso n'kuwomba m'manja mwaulemu.

Kenako amayi anatembenukira achimwene, mawu atabwerera mwakale. "Iwe Elifala, munda wakumunsi ndi wa amayi anga. Ndinakubwereka, sindinakupatse. Chaka chino alima ndi mlongo wako ndi amuna ake. Iwe ubwerere kumtunda komwe unaguga wekha, pepala lako lobiriwiralo uliike m'thumba."

"Amayi, mukufuna kundipha ndi njala?"

"Zaka zitatu mlongo wako sanafe. Iwenso sufa."

Ankhoswe anagwirizana nazo, nkhani inatha. Kupepesa komwe achimwene analonjeza sikunamveke, ndipo ine ndinali wokonzeka kuwakumbutsa pomwepo anthu asanabalalike. Anadzuka, anasansa thalauza, anayamba kuchoka osatsanzika. Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anawaitana.

"Alamu."

Achimwene anaima osatembenuka.

"Mukamakasosa kumtunda mundiitane, tikatengenso dothi lina, loona. Alangizi amanena zothira laimu m'nthaka ndi kubzala nandolo. Ine munda uja ndaudziwa dzenje lililonse, ndipo ndikufunabe kuona ngati ungadzuke. Nokha ukuvutani."

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono. Anawayang'ana amuna anga kuyambira kumapazi ong'ambika mpaka kumaso, ngati akuwaona koyamba. Anavula chipewa, anachigwira ndi manja awiri, n'kugwedeza mutu kamodzi.